Mfuti Yomwe Umaiwala Kuti Ili M'chiuno

Ku America kuli malonda ena oti ukawamvetsera bwino amakusiya uli chete. Ndi malonda a timfuti tam'manja, tija timabisika m'kati mwa thalauza, pamodzi ndi timatumba take tokolekera pa lamba timene eni ake amati holster. Wogulitsa sataya nthawi kukuuza kuti kamfutiko n'koopsa, poti zimenezo aliyense akudziwa. Amalimbikira zoti n'kopepuka, n'kopyapyala, sikakutswanya ukakhala pampando wa galimoto, ndipo pofika masana udzakhala utaiwala kuti wakavala. Mawu akuti kuiwalawa ndi amene andikhala pamtima. Pa zinthu zonse zimene munthu angalakelake kuiwala kuti wanyamula, chinthu chopangidwira kuboola thupi la munthu mnzake chikupezekapo bwanji?

Tiyambe ndi zimene wogulayo amayeza, chifukwa si zamasewera ayi. Mu 2018 kampani ya SIG Sauer inatulutsa kamfuti kotchedwa P365. Kopanda zipolopolo kamalemera pafupifupi theka la kilogalamu, kunenepa kwake ndi masentimita awiri ndi theka basi, koma m'magazini mwake mumalowa zipolopolo 10. Glock 43, yomwe inatuluka mu 2015 ndipo kukula kwake n'kosasiyana kwenikweni, imalowa zisanu ndi chimodzi zokha. Ndiye mutha kuona chifukwa chake anthu anakathamangira. Koma kuchepa kuli ndi mtengo wake. Mfuti yaing'ono ikalira imakankha dzanja mwamphamvu, poti ilibe thupi lomeza mphamvu ya chipolopolo. Pogwirira m'pafupi, chala chakumapeto chimangolendewera, ndipo kulasa pamene walinga kumafuna kuyeserera kwambiri. Yokulirapo, monga Glock 19 yolowa zipolopolo 15, imamvera dzanja, koma imalemera ndi kutukumula shati, moti pakatha masabata angapo mwini wake amayamba kuisiya kunyumba.

Pa holster m'pamene pali nzeru zenizeni. Zambiri masiku ano amaziumba ndi pulasitiki yolimba yotchedwa Kydex, molingana ndi thupi la mfuti imodzi yokhayo. Ntchito yake yaikulu ndi kuphimba kachitsulo kokoka ndi chala kaja kuti nsalu, kiyi kapena chala cha mwana chisakafike. Mfuti ngati Glock ilibe kabatani kapadera koti uyambe watsegula usanawombe. Chikakoka kachitsuloko mpaka kumapeto, yalira basi, kaya chakokacho ndi chala kaya ndi chingwe cha jekete. Ndipo ambiri amakonda kuvalira kutsogolo, pambali pa mchombo, pomwe kamwa la mfuti limaloza kumene kumadutsa mtsempha waukulu wa magazi wopita kumwendo. Munthu wogula holster yofewa yotchipa kuti apulumutse ndalama akutchova juga ndi moyo wake ndi wa amene akhala naye pafupi m'basi. Pa mfundo imeneyi ndilibe nawo mkangano ogulitsawo.

Ndilibenso mwano kwa munthu wofuna mfutiyo. N'zosavuta kunyoza uli pabwino. Ganizirani namwino woweruka usiku amene amayenda yekha kupita pomwe waimika galimoto, kapena mwini kagolosale m'komboni ku Johannesburg amene amuthyolera kawiri ndipo apolisi anafika dzuwa litatuluka. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Kubisa nakonso pakokha si umbava. Ku South Africa lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limachita kulamula kuti ukanyamula mfuti yam'manja pagulu ikhale mu holster kapena m'chikwama, yophimbika yonse. Zifukwa zake n'zomveka: mfuti yoonekera imaopseza anthu osalakwa, komanso imaitana akuba, amene kwa iwo mfutiyo ndi katundu wamtengo wapatali kuposa foni yako. Ku America nako, Khoti Lalikulu linagamula mu June 2022, pa mlandu wotchedwa Bruen, kuti kunyamula mfuti kunja kwa nyumba pofuna kudziteteza ndi ufulu wa nzika, ndipo zigawo zoposa theka mwa zigawo 50 za dzikolo zimalola munthu kubisa mfuti m'chiuno popanda chiphaso chapadera.

Lamulo lalola, chabwino. Funso langa lili kwina.

Plato, m'buku lake la Republic, ali ndi nthano ya mbusa wina wa ku Lydia amene anatola mphete yodabwitsa. Akaitembenuzira m'kati mwa chikhatho, anthu samamuona. Atazindikira zimenezi analowa kunyumba ya mfumu, ananyenga mfumukazi, anapha mfumu n'kutenga ufumu. Wofotokoza nthanoyo ankafuna kufunsa ngati alipo munthu amene angakhalebe wolungama atapatsidwa mphamvu yoti ena sakuiona. Kamfuti kam'chiuno sikamachititsa munthu kusaoneka, koma kamachita chinthu chofananako: mphamvu yako imakhala yosaoneka, pamene ya ena onse ili poyera. Agogo athu akamayenda ndi nthungo kapena chibonga, aliyense ankachiona ali patali, n'kusankha mawu ake moyenera, kapena kupatuka kumene. Anthu tikamakangana timayezana ndi maso. Uyu ndi wamkulu thupi, uyu waledzera, uyu ali ndi anzake. Wobisa mfuti amalowa mumkangano akudziwa chinthu chimene mnzakeyo sakuchidziwa, chakuti mkanganowu ungathe kuthera kumanda.

Mu July 2018, ku Clearwater m'chigawo cha Florida, bambo wina dzina lake Michael Drejka, amene anali ndi chiphaso chobisa mfuti, anayamba kukalipira mayi wina chifukwa choimika galimoto pamalo a anthu olumala kunja kwa kasitolo. Bambo wa ana a mayiyo, Markeis McGlockton, anatuluka m'sitolomo n'kumukankha Drejka mpaka kugwa. Drejka ali pansi anasolola mfuti, McGlockton anabwerera m'mbuyo, koma chipolopolo chinamupeza pachifuwa ndipo anamwalira. Zonse zinajambulidwa pa kamera ya sitoloyo. Mu 2019 khoti linamupeza Drejka wolakwa n'kumupatsa zaka 20. Kumukankha kuja kunali kulakwa, inde. Koma bwererani m'mbuyo pang'ono chabe. N'chiyani chimalimbitsa munthu mtima kuti akaime pa zenera la galimoto ya mlendo n'kumamulalatira za malo oimikapo galimoto? Munthu wamanjamanja amadandaula chamumtima n'kumapita. Wa kanthu m'chiuno amaona ngati ali ndi inshuwalansi.

Apa m'pamene mawu aja akuti udzaiwala kuti wavala amandivuta. Thupi likhoza kuiwala, koma mtima suiwala. Umangosintha mwakachetechete mayendedwe ako, misewu imene ukulimba mtima kudutsa, mawu amene ukulola kutuluka pakamwa. Ndipo kuiwala kwa thupiko nako kuli ndi maliro ake. Mu December 2014, ku Hayden m'chigawo cha Idaho, mayi wina wazaka 29 ankagula zinthu m'sitolo yaikulu, mwana wake wazaka ziwiri atamukhazika m'kangolo kogulira zinthu. Mfuti inali m'chikwama chopangidwira ntchito imeneyi, chokhala ndi thumba lake la zipi. Mwanayo anapisa dzanja, mfuti inalira, mayiyo anafera pomwepo. Anali ndi chiphaso, ankaidziwa bwino mfuti. Chikwamacho chinagwira ntchito imene anachipangira: chinasandutsa mfuti kukhala ngati tinthu tina tonse ta m'chikwama, toti ukhoza kutembenuka kamphindi n'kutisiya pafupi ndi mwana.

Palinso munthu wina amene wogulayo samuyeza akamasankha, ndiye iye mwini. Amene amaima m'sitolo ya mfuti masana ali bwinobwino, akuyerekeza kulemera kwa iyi ndi iyo, si yemwe uja amadzakhala maso pakati pa usiku ntchito itatha, ngongole zitamuzinga, amene ankamukonda atamusiya. Koma mfuti ndi yomweyo, ndipo imamvera onse awiri mofanana. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka la iwowo anadziwombera okha. Wakuba amene mfutiyo inagulidwira mwina sadzabwera mpaka kalekale, koma tsiku loipa limamufikira aliyense. Mantha nawonso ali ndi chala. Oscar Pistorius anawombera kanayi pachitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria mu February 2013, n'kupha Reeva Steenkamp. Ngakhale mutakhulupirira zonse zimene ananena kukhoti zoti ankayesa wakuba, chimene chatsala ndi munthu amene mfuti inamufika m'manja msanga kuposa funso loti kodi muli ndani m'menemo.

Ndiye pali nkhani ya khungu, imene abale athu okhala kunjako sangaidumphe. Mu July 2016, ku Minnesota, wapolisi anaimitsa galimoto ya Philando Castile, munthu wakuda amene anali ndi chiphaso chonyamula mfuti. Castile anachita zimene ankaona kuti n'zaulemu, anamuuza wapolisiyo kuti ali ndi mfuti. Patangopita masekondi ochepa anawomberedwa, bwenzi lake ndi mwana wamng'ono ali m'galimoto momwemo. Chaka chotsatira khoti linamasula wapolisiyo. Ufulu ndi umodzi papepala, koma kutupa kwa shati ya mzungu ndi kutupa kwa shati ya munthu wakuda sikuwerengedwa mofanana pamsewu. Ku South Africa vuto la anthu athu n'lina. Chiphaso chimafuna kuti ukhale ndi zaka 21 kupita m'tsogolo, komanso ukhale nzika kapena wololedwa kukhala m'dzikomo mpaka kalekale. Achinyamata ambiri opita ku Joni kukasaka maganyu sali m'gulu limenelo, ndiye mfuti imene ingawafike ndi ija yogulitsidwa kuseri, yosadziwika kuti inapha kale angati, yongosomeka m'thalauza popanda holster n'komwe. Akakugwira nayo ndi zaka mpaka 15 m'ndende. Imeneyo sindikuiikira kumbuyo mpang'ono pomwe.

Nanga wa chiphaso chake, wa zifukwa zake zomveka? Ine ndikuona kuti akhoza kunyamula osalakwa, koma mtengo wake si umene walembedwa pa lisiti. Tsiku limene wamanga holster pa lamba wagulitsa ufulu wake wokwiya. Wina akamupherera pamsewu, akhale chete. Wina akamutukwanira amayi ake, aseke n'kuchoka. Akapondedwa phazi m'sitolo, ayambe ndiye kupepesa. Kumowa ndiye asayerekeze n'komwe, poti botolo lachitatu silidziwa malamulo. Azigonja pa mkangano uliwonse, ngakhale umene akulondola, chifukwa ndi iye yekha m'chipindamo amene akudziwa kumene ungathere. Tinene zoona, abale, ndi angati mwa ife anyamata tingakwanitse kuchoka anzathu akutiseka kuti ndife amantha, chikhalirecho tili ndi zipolopolo 10 pamchombo? Ambiri chimene chimatikoka ku mfuti n'chosiyana ndi chimenecho. Timafuna tisadzagonjenso. Munthu wotere, ngakhale atapambana mayeso onse a apolisi, ndiye woyamba amene sayenera kuigwira.

N'chifukwa chake sindikuona vuto kuti holster ikhale yosapweteka. Yopweteka imachititsa munthu kumangoisuntha, kuivula m'chimbudzi cha pamalo odyera n'kuiiwala pamenepo, kapena kuisiya m'galimoto momwe akuba amaipeza. Isatupitse khungu, koma kulemera kwake kuzimvekabe. Theka la kilogalamu lija lizimukumbutsa mwini wake nthawi iliyonse akawerama kumanga nsapato kuti lero si munthu wamba.

Pali kafunso kena kamene ogulitsa sakakhudza, ndipo ine ndimakaona kovuta kuposa onse. Mnzako wakuitana kunyumba kwake Loweruka masana. Muli ana, akuthamangathamanga pabalaza, wina akubwera kudzakukwera pamiyendo poti ndiwe amalume. Holster yako ndi yabwino, palibe chikuoneka, palibe angadziwe. Aphunzitsi ambiri a zamfuti amalangiza kusauza aliyense, ati chinsinsi chikatuluka phindu lake latha. Pamsewu ndikhoza kuwamvetsa. Koma pakhomo pa munthu ayi. Mwini nyumba ndiye amasankha zolowa m'nyumba mwake momwe mukusewera ana ake, ndipo ukamubisira wamulanda chisankho chimenecho iye osadziwa kuti chinalipo. Umuuze usananyamuke kwanu, pafoni, osati uli kale pakhomo pake pomwe angachite manyazi kukubweza. Akati bwera nayo, lowa, koma mwanayo umukhazike pambali pako, osati pamiyendo. Akati ayi, uitsekere mu sefa kunyumba kwako, kiyi m'thumba, upite ukadye nsimayo manjamanja ngati alendo ena onse.