Kodi N'kupusa Kulira Mphaka?

M'midzi ya Asoli ya m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, mphaka sasowa pakhomo. Anthu amsunga cifukwa ca nkhokwe, pakuti cimanga cikalowa, makoswe nawo alowa. Mphaka wosungidwa bwino akhoza kukhala zaka 12 kapena 15, ndipo ena apitirira. Pokalamba mano aguluka, maso acita khungu, kawirikawiri impso zifooka, namwa madzi kosalekeza kufikira tsiku limene apezeka atauma pafupi ndi mafuwa. Pamenepo pabuka funso: nkhalamba imene yakhala naye zaka zonsezi ikagwetsa misozi, kodi yacita copusa?

Ambiri ayankha kuti inde. Ati misozi ndi ya anthu, koma nyama malo ace ndi kudzala. Ena aonjezapo mau oipa koposa, kuti mai wokalamba wolira mphaka waulula yekha ufiti wace. Mau otere ndi oopsa, pakuti akhoza kupirikitsa nkhalamba m'mudzi wace womwe. Lamulo la za ufiti la 1914, limene Zambia analowa nalo m'ufulu mu 1964, liletsa kuchula munthu mfiti.

Ubwenzi wa munthu ndi mphaka suli wa dzulo. Mphaka wa pakhomo ndi mbale wa bvumbwe wa m'thengo, ndipo anayandikira anthu pamene iwo anayamba kusunga dzinthu. Mu 2004 akatswiri a ku France analengeza za manda a pa cisumbu ca Cyprus, a zaka ngati 9,500, m'mene munthu ndi mphaka anaikidwa moyandikana. Herodotus, mlembi wa Cigriki amene anaceza ku Egypt zaka zoposa 400 Kristu asanabadwe, anasimba kuti mphaka akafa m'nyumba, eni nyumba ankameta nsidze zao. Mnyanja aliyense wodziwa mwambo wa kumeta pa maliro azindikira msanga tanthauzo la zimenezo.

Komabe mwambo wokha sutsimikiza cikondi. Anthu omwewo a ku Egypt ankaweta amphaka ambiri kuti awaphe ali ang'ono, nawakulunga m'nsaru monga nsembe kwa milungu yao. Mu 1888 mlimi wina anapeza mitembo yotere yosawerengeka ku Beni Hasan, ndipo mu 1890 yambiri inagulitsidwa ku Liverpool kuti ikhale manyowa a m'minda. Ulemu wonse uja unathera pamenepo. Misozi yoona sifuna nsaru kapena ng'oma.

Nanga nkhalamba ya ku Chongwe ilira ciani? Ilira ciweto cimene cinagwira nchito yace mokhulupirika, ndipo kuyamika si kupusa. Munthu amene ataya mlonda wa nkhokwe yace osamva kanthu mumtima ndiye woyenera kuopedwa, cifukwa mawa adzatero ndi wanchito wace akafooka. Koma pali cina cozama. Ana a nyumba zambiri anakwera basi pa Great East Road kukafuna nchito ku Lusaka, ndipo abwera kamodzi pa caka. Mwamuna anatsikira kale kuli cete. Amene anatsala wakumva mau a mai uja m'mamawa, wakumlandira pocokera kumunda, ndi mphakayo. Tsono akafa, nyumba ikhala zii kaciwiri, ndipo maliro akale onse adzuka pamodzi.

Cisoni cotere ciri ndi malire ace. Mphaka si munthu. Sikoyenera kumuitanira mudzi, kumphera mbuzi, kapena kusiya munda osalima cifukwa ca iye. Wolira mphaka koma osapita ku maliro a mnansi wace wasokoneza zinthu, pakuti akulu anati maliro n'kulirana. Kumkumbira kadzenje kuseri kwa nkhokwe ndi kukhala wosasangalala masiku owerengeka, izi zikwanira, ndipo palibe wocimwirapo.

Mlandu weniweni uli pa oseka. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, akapeza agogo ace ali ndwii cifukwa ca mphaka, asafulumire kunena kuti, "Agogo, si pusi cabe uyu?" Ayambe wadzifunsa kuti n'cifukwa ninji nyama inakhala yapafupi koposa mdzukulu. Asathamangirenso kukatenga kamwana ka mphaka tsiku lomwelo, ngati kuti asinthanitsa mphika wosweka. Nthawi yace idzafika. Coyamba akhale pansi, asonkhe moto, amve nkhani za mphakayo ngakhale anazimva kale kakhumi. Maphunziro amene sapatsa munthu cifundo cotere ali operewera. Ukalamba ufikira onse, ndipo caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.