Wogula Chithunzi cha Mkazi Wopesa Tsitsi Wagula Chiyani?

M'chaka cha 1920 Hashiguchi Goyō anatulutsa chithunzi cha mkazi akupesa tsitsi lake lalitali, maso atayang'ana kumbali ngati kuti m'chipindamo mulibe wina. Chaka chotsatira Goyō anamwalira atasiya zithunzi zowerengeka, ndipo kuchepa kwake ndiko kumachititsa osonkhanitsa zithunzi za shin-hanga kuzilimbirana. Koma munthu akalipira ndalama zochuluka chotero, chimene chasanduka chake n'chiyani?

Ambiri angati wagula luso. Luso la yani? Ntchito imene Watanabe Shōzaburō anaitsitsimutsa ku Tokyo cha m'ma 1915 inali ya manja ambiri: wojambula, wosema matabwa a mtengo wa cherry, wodinda amene ankatikita pepala pa thabwa kufikira utoto uliwonse utalowa, ndi wofalitsa wolipira onsewo. Tsitsi limene ogula amachita nalo kaso linasemedwa ndi mpeni, chingwe chimodzichimodzi, ndi mmisiri amene msika sumutchula kawirikawiri. Mtengo umatsata dzina la wojambula.

Nkhani yovuta koposa ndi ya mkaziyo. Zithunzi zambiri zimamupeza pa nthawi imene mlendo sayenera kukhalapo: akusamba, ali pa kalilole, akudzuka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 akuluakulu a boma analetsa chithunzi cha Torii Kotondo chotchedwa Asanegami, chikhalirecho mkazi wa m'chithunzicho sali maliseche. Wangogona m'masikito, tsitsi lili nyankhalala. Iwo anaona msanga kuti chogulitsidwa apa ndi mwayi wosuzumira. Pa chifukwa ichi ena amati wosonkhanitsa ndi msuzumiri wa ndalama zake basi. Mlandu umenewu ndi wokulitsa. Mkaziyo anakhala pamaso pa wojambula akudziwa, ili ntchito, ndipo chinsinsi chooneka pa pepalacho n'chochita kukonza, monga cha m'sewero.

Cholakwa chenicheni chimabwera pamene wogula ayamba kukhulupirira seweroli. Ambiri mwa ogula anali a ku America ndi ku Ulaya, ndipo zionetsero za ku Toledo Museum of Art mu 1930 ndi 1936 zinakuza msikawo. Iwo ankafuna Japan wa kimono ndi ulemu wachete, pamene akazi a ku Tokyo anali atayamba kale kugwira ntchito m'masitolo ndi m'maofesi. Mu 1930 Kobayakawa Kiyoshi anajambula mmodzi wa akazi atsopanowa m'chithunzi cha Horoyoi: tsitsi lalifupi, ndudu kumanja, chakumwa patebulo, maso ali tong'o pa woonera. Kabati imene muli opesa tsitsi okhaokha, mopanda mkazi ameneyu, imanena zambiri za mwini wake kuposa za akazi a ku Japan.

Komabe wosonkhanitsa ali ndi mbali yomuikira kumbuyo. Chivomezi cha pa 1 Seputembala 1923 ndi moto umene unatsatira zinawononga sitolo ya Watanabe pamodzi ndi matabwa ake, kotero kuti zithunzi zoyambirira zimene zinapulumuka n'zimene zinali kale m'manja mwa ogula. Kuzisunga nakonso kuli ndi lamulo lake lowawa: kuwala kumasulukitsa utoto, choncho mwini wosamala amatsekera chithunzi mumdima n'kumachiona mwa apo ndi apo. Robert O. Muller anasunga zithunzi zoposa 4,000 kwa zaka makumimakumi, ndipo atamwalira mu 2003 zinapita ku Arthur M. Sackler Gallery ku Washington, kumene nakonso zimatulutsidwa kwa miyezi yochepa n'kubwezedwa m'makabati.