Kodi Kugawa Mofanana Ndiko Chilungamo?

Pa zaka zonse zimene ndidagwira choko, ndinkaphunzitsa ana kuti chilungamo ndicho kugawa zinthu mofanana. Lero mutu utayera, ndayamba kukayika.

M'maiko olemera muli makina otchedwa ECMO, amene amagwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo a munthu wodwala mwakayakaya. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'timapaipi, nalandira mpweya wabwino, n'kubwereranso. Munthu wamkulu woyamba kupulumutsidwa motere adali wa ku California m'chaka cha 1971. Koma madokotala adazindikira kuti mlingo wa mankhwala opha tizilombo umene umachiza wodwala wamba ungathe kuperewera mwa wodwala wotereyu. Mankhwala ena amakanirira m'timapaipi, ena amasungunuka m'madzi ambiri amene wodwalayo walandira m'mitsempha. Impso zikafooka, mankhwala omwewo amaunjikana m'magazi nayamba kuononga thupi. N'chifukwa chake madokotala amayeza kuchuluka kwa mankhwalawo m'magazi, kenaka n'kuonjezera kapena kuchepetsa. Odwala awiri a nthenda imodzi amalandira milingo yosiyana, koma palibe amene wakonderedwa.

Kwathu kuno ku Ntcheu makina otere n'ngongomva, koma funso lake lili pakhomo pathu. Taganizani za mai wa ku Tsangano amene wapita ndi mwana wachibayo kuchipatala, nalandira amoxicillin wa masiku asanu. Patapita masiku awiri, mng'ono wake wa mwanayo nayenso wayamba kubanika. Njira n'njaitali, ndalama palibe, kachewere akudikira kukumbidwa. Mai uja agawa mankhwala otsalawo pakati, theka uyu, theka uyu. Ndani angamutche woipa mtima? Onsewo adatuluka m'mimba imodzi.

Komatu tizilombo sitidziwa chikondi cha mai. Theka la mankhwala limapha tofooka, n'kusiya tolimba kuti tiswane, ndipo mawa lake mankhwala aja asanduka tsabola wakale amene sawawa. Alexander Fleming, amene adatulukira penisilini mu 1928, adachenjeza za mlingo woperewera polandira mphotho ya Nobel mu 1945. Kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyambira 1998 mpaka 2016, adaonetsa kuti tizilombo tosamva mankhwala tidankirankira kuchuluka. Motero kugawa kuja kungavulaze ana onse awiri, ngakhalenso mwana wa kumudzi wina amene maiyo sadzamuona n'komwe.

Ine ndikuona kuti cholakwika ndi kagawidweko, osati mtima wa wogawayo. Mai uja atandifunsa, ndingamuuze kuti mwana woyamba amalize mankhwala ake onse, wachiwiri akaonane ndi dokotala lero lomwe, akamuyeze n'kumupatsa mlingo wakewake. Komabe ndikuvomera kuti mau amenewa n'ngopepuka pakamwa pa ine, mwini njinga yakapalasa ndi kapenshoni kapamwezi.