Botolo la Madzi ndi Petulo

Padangokhala anyamata awiri a bere limodzi, omwe ankachita kabaza wa njinga zamoto pamsewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu. M'mawa wina wa mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse, onse awiri adamwetsa petulo pamalo ena omwetsera mafuta m'mbali mwa msewuwo. Asanayende makilomita 3, njinga ya wamkulu idayamba kutsokomola, phu! phu! kenako zii. Ya mng'ono wake nayo idazima chapatsogolo pang'ono.

Adazikankha thukuta lili kamukamu mpaka kwa makaniko wina wachikulire. Makanikoyo adamasula kabuleta, nakhuthulira mafuta m'botolo lagalasi, n'kuliimika pamwala. Posakhalitsa pansi pa botolo padakhazikika madzi otuwa, petulo ali pamwamba.

"Ana anga, njinga zanu n'zabwinobwino, koma zamwa madzi," adatero. "Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amatsikira pansi pa thanki, pomwe injini imakoka. Komanso petulo wakuno amamusakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol akakumana ndi madzi amasiya petulo n'kutsata madziwo. Ndikuganiza kuti mvula yalowa m'thanki yapansi ya komwe mudamwetsako."

Anyamatawo adabwerera kukaonana ndi mwini malo. Iye adawakokera kuseri kwa ofesi, nalankhula motsitsa mawu: "Tisachulutse gaga m'diwa. Aliyense ndimupatsa malita 5 a petulo wabwino wa m'chigubu changa, nkhani ithere pano." Ankadziwa za madziwo, koma adaumira kutaya mafuta omwe adawagula ndi ndalama zambiri.

Wamkulu adalandira. Wamng'ono adayang'ana mzere wa galimoto zomwe zinkadikira papampu yomwe ija, nabweza manja kumbuyo.

"Achimwene, nanga awa akumwetsawa?"

"Iwe, aliyense ali ndi makaniko wake. Ana anga sadya chilungamo."

Musamuweruze msanga mkuluyu. Wakabaza akaima tsiku limodzi, kunyumba moto suyaka. Koma chete wake adamugulitsa motchipa kwambiri.

Wamng'ono adatseka botolo lija, nasunga risiti yake m'thumba. Adakongola ndalama, natsukitsa thanki, nakamwetsa kwina. Kenako adayamba ulendo wa ku Lilongwe, ku bungwe la MERA, lomwe limapereka ziphaso kwa ogulitsa mafuta ndi kulandira madandaulo a ogula. Kumeneko adapereka botolo ndi risiti, natchula tsiku, nthawi ndi pampu. Adabwerera dzuwa litalowa, osapeza ngakhale tambala tsikulo, anzake pasiteji akumuseka kuti wasanduka loya.

Usiku womwewo mwana wa mkulu wake adatentha thupi mpaka kuyamba kukomoka ndi malungo. Njinga ya bambo ake inali idakali kwa makaniko. Bamboyo ndi mkazi wake adathamangira kwa mnansi wawo yemwe anali ndi kagalimoto konyamula mbatata, nanyamuka kulowera kuchipatala cha boma ku Ntcheu. Mnansiyo anali atamwetsa papampu ija madzulo. Pakati pa ulendo, pamalo opanda nyumba, mvula ikuwaza, galimoto idatsokomola, phu! phu! kenako zii.

Bamboyo adaidziwa mfuu imeneyo. Adakhala pansi m'matope, mwana ali m'manja, naimba foni akunjenjemera: "Mphwanga, bwera."

Mng'onoyo adafika ndi njinga yake ya mafuta oyera, nabereka mlamu wake ndi mwanayo mpaka kuchipatala. Mwanayo adapulumuka, madokotala atalimbana naye mpaka tambala woyamba.

Patapita masiku, akuluakulu oyendera a ku MERA adafika pamalo omwetsera mafuta paja. Adapaka mankhwala ozindikira madzi kunsonga ya ndodo yoyezera, naimiza m'thanki yapansi. Poitulutsa, mankhwalawo anali atasintha mtundu. Mwini malo adayamba kulumbira kuti palibe adadandaulapo chiyambire.

Pamenepo wamkulu uja adatuluka m'gulu la anthu, atanyamula chigubu cha malita 5 chosatsegula. Adachiika pamapazi a mwini malo, nati: "Bwana, tengani mafuta anu. Ine ndidadandaula, inu n'kunditseka pakamwa ndi chigubu ichi. Akuluakulu, lembani dzina langa, ndine mboni."

Pampuyo idatsekedwa tsiku lomwelo, ndipo sidatsegulidwe mpaka thanki itapopedwa ndi chivundikiro chake chitakonzedwa.