Mlonda Amene Saona Nkhope

M'maofesi ambiri masiku ano, mmene makompyuta amalumikizana pa netiweki imodzi, akatswiri amapatula seva ina n'kuiika kukhala domain controller, ndiyo imene imasunga m'kaundula wake dzina la wantchito aliyense, gulu limene alimo, ndi makomo amene waloledwa kulowapo. Kotero kuti m'mawa munthu akalemba dzina lake ndi pasiwedi, kompyuta ya patebulo pake imayamba yafunsa kwa seva imeneyi, ngati kwa mlonda, isanamulandire. Kampani ya Microsoft inabweretsa kaundula wake wotere, wotchedwa Active Directory, pamodzi ndi Windows 2000, ndipo potsimikizira anthu inatsata njira ya Kerberos, imene inapangidwa ku yunivesite ya MIT m'zaka za m'ma 1980. Seva ikakhutira imapereka chiphaso chimene kawirikawiri chimatha mphamvu pakapita maola 10, ndipo wotchi ya kompyuta ikasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5, khomo silitseguka.

Kodi mlonda wotere amamudziwadi munthu amene wamulowetsa?

Ine ndikalingalira funso limeneli ndimakumbukira Isake wa m'Baibulo, amene atakalamba, maso ake atachita khungu, anafuna kudalitsa mwana wake Esau, koma anadza Yakobo atavala zovala za mkulu wake, ndi zikopa za ana a mbuzi m'manja ndi pakhosi, monga anamkonzera amake Rebeka. Nkhalambayo inamkhudza, inanunkhiza zovala, ndipo popeza zizindikiro zinagwirizana, inapereka mdalitso umene sunathekenso kubwezedwa. Komabe Isake anali ndi chinthu chimodzi chamtengo wapatali: mawu a mwanayo anamkayikitsa, ndipo anafunsa kachiwiri. Koma seva ikalandira pasiwedi yolondola ilibe khutu lomva kuti liwu ndi la wina. Mbala yoba pasiwedi imalandiridwa ndi ulemu womwewo umene mwini wake akanalandira.

Makolo athu mlendo akafika ankamfunsa kwawo, mfumu yake ndi mfunda wake, chifukwa kwa iwo munthu ankadziwika mwa anthu amene angamuikire umboni. Nzeru imeneyo sinathe, ingobisika. Pakuti dzina lililonse la m'kaundula wa seva linalembedwa ndi dzanja la munthu amene anakhulupirira mnzake, ndipo makinawo amangobwereza tsiku ndi tsiku chikhulupiriro chimene anawasungitsa.

Izi zinaonekera poyera mu 2017, pamene pulogalamu yowononga ya NotPetya inagwera kampani ya zombo ya Maersk n'kufafaniza ma domain controller ake, kupatula imodzi ya ku Ghana, imene inapulumuka chifukwa magetsi anali atazima. Antchito analipo, ankadziwana nkhope ndi mayina, koma makina sankazindikira ndi mmodzi yemwe, kufikira kaundula wa ku Ghanayo atatengedwa kukaukitsira enawo. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo n'chifukwa chake mmisiri wanzeru amaika seva yachiwiri. Koma pamenepa mitu yambirimbiri inagwa tsiku limodzi, popeza yonse inali yolumikizana.

Choncho katswiri amene akukhazikitsa seva yotere, ine ndimamuona ngati wosenza udindo wa oweruza a pachipata m'masiku akale, ngakhale iye amaiyesa ntchito ya mawaya chabe. Iye ndiye amasankha woyenera kulowa m'gulu la oyang'anira lotchedwa Domain Admins, ndiye amatseka dzina la wochotsedwa ntchito, ndiponso la womwalira. Ndipo wina akaimba foni kuti waiwala pasiwedi, palibe makina amene angamuuze ngati woimbayo ndi Esau kapena Yakobo, koma ayenera kumvetsera liwulo yekha, n'kufunsanso.