Kodi Ulamuliro Umakhala M'njerwa?

Nyumba ya Masongola ku Zomba anaimanga John Buchanan mu 1886 kuti muzikhala woimira boma la Britain. Nsanja zake ziwiri zosongoka zilipobe m'munsi mwa phiri, koma nyumbayo inasanduka hotela, ndipo likulu la dziko linachoka ku Zomba n'kusamukira ku Lilongwe mu 1975.

Ine wa ku Neno, boma lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndimadzifunsa kuti mphamvu za olamula zimathera kuti. Ndikaona makoma okhuthalawo ndimakumbuka amisiri amene anaponda dothi, kuumba njerwa ndi kuziwotcha, koma mayina awo sanalembedwe pakhoma. Abwanamkubwa anapita, ntchito ya anthu wamba yatsala. Mpando ndi wobwereka kwa Mulungu. Atsogoleri athu, samalani nyumba ngati imeneyi ndipo muphunzirepo kudzichepetsa.