Kodi Tithamangire Kumaliza Ngongole ya Nyumba?

Amayi anzathu, m'magulu athu muli mabanja ambiri amene akugona m'nyumba imene sanamalize kulipira. Dzina limene lili pa mapepala ndi lawo, mitengo ya mango pakhomo anabzala okha, koma mapepalawo ali ku banki ngati chikole, ndipo mwezi ndi mwezi banki imadula gawo lake malipiro asanafike m'manja. Ena anatenga ngongole yogulira nyumba yomangidwa kale. Ena anatenga yomalizira nyumba imene inakhala zaka zambiri yopanda denga. Onsewa amakumana ndi funso limodzi: mwezi wina pakatsala kandalama, kodi tikawonjezere ku banki kuti ngongole ithe msanga, kapena tisiye kuti banja lidye bwino, livale ndi kupumako pang'ono? Funsoli lili ndi masamu ake, ndipo tiyamba ndi masamuwo. Koma m'kati mwake muli funso lina lovuta: kodi amene avutike kuti ngongoleyo ithe msanga ndani, ndipo kodi anavomera?

Ngongole ya nyumba si yachilendo kuno kwathu. Bungwe la New Building Society linayamba mu 1964, ndipo ntchito yake inali kusunga ndalama za anthu ndi kubwereketsa amene akufuna nyumba. Mu 2004 linasanduka NBS Bank. Mabanki enanso amapereka ngongole zotere. Chimene mabanja akhala akulira nacho zaka zonsezi ndi kukwera kwa chiwongoladzanja. Mu February 2024 Reserve Bank ya Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki pobwereketsa anthu amatsatira kumene banki yaikuluyo yalowera.

Tiyeni titenge chitsanzo kuti tione bwino. Tiyerekeze kuti bambo ndi mphunzitsi, mayi ndi namwino, ndipo atenga ngongole ya K10 miliyoni yoti abweze pa zaka 15, chiwongoladzanja chake 25 peresenti pachaka. Mwezi uliwonse azipereka pafupifupi K213,500. Mwezi woyamba, pa ndalama imeneyi, K208,300 ndi chiwongoladzanja chokha. Imene yachotsera pa ngongole yeniyeni ndi K5,200 basi. N'chifukwa chake munthu amatha kulipira mokhulupirika zaka zitatu, n'kukafunsa ku banki, n'kupeza kuti ngongole yake ili pafupi pomwe anayambira. Palibe amene wamubera. Ndi mmene ngongole imeneyi imayendera: chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama imene yatsala, ndipo poyamba yotsalayo imakhala yambiri. Zaka 15 zikamatha, banja lija lidzakhala litapereka pafupifupi K38 miliyoni.

Tsopano tiyerekeze kuti banja lomwelo likuwonjezera K20,000 mwezi uliwonse kuyambira pachiyambi. Ndalama yowonjezerayo ilibe chiwongoladzanja choti iphimbe, choncho yonse imakadula ngongole yeniyeni. M'malo mochotsera K5,200 mwezi woyamba, achotsera K25,200. Akapitiriza motero, ngongole idzatha pa zaka 9, ndipo adzakhala atapereka pafupifupi K25 miliyoni. Apulumutsa zaka 6 ndi ndalama pafupifupi K13 miliyoni. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Anatinso m'mera m'poyamba, ndipo apa mawuwa ndi oona ndithu, pakuti K20,000 yowonjezera m'chaka choyamba imagwira ntchito yaikulu kuposa K20,000 yomweyo m'chaka chomaliza.

Pali chifukwa china chimene ife amayi timachimvetsa kuposa masamu. Nyumba yopanda ngongole ndi pothawira pa tsiku loipa. Ntchito imatha, munthu amapuma, matenda amabwera. Taona amayi amasiye akulandidwa katundu maliro asanazizire. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa masiye kukhala mlandu, ndipo limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Koma lamulo limeneli silifafaniza ngongole. Likhoza kuletsa achibale kuchotsa malata, koma ngati nyumba ndi chikole ndipo malipiro aima, banki ili ndi mphamvu yoigulitsa potsata malamulo. Choncho banja limene likuyesetsa kumaliza ngongole bambo ndi mayi akadali ndi mphamvu likuchita chinthu chachikondi kwa amene adzatsale.

Ena amatsutsa. Amati kwacha imachepa mphamvu chaka ndi chaka, ndiye palibe chifukwa chothamangira kubweza lero ndalama imene mawa idzakhale yopepuka. Mfundoyi ili ndi nzeru zake. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo tonse tinaona mmene mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira inakwerera. Ndalama imene munthu anabwereka kale imaonekadi yochepa pambuyo pa zaka. Koma izi zimathandiza wobwereka pokhapokha ngati malipiro ake akukwera limodzi ndi mitengo, komanso ngati chiwongoladzanja chake sichisintha. M'mapangano ambiri a ngongole chiwongoladzanja chimasintha, ndipo zinthu zikakwera nachonso chimakwera. Banja limapezeka kuti kumsika kwadula, kubanki nakonso kwadula, pamene malipiro ali pomwepo. Ndi bwino kuwerenga pangano limene tinasaina kuti tidziwe mtundu wa ngongole yathu.

Tikafika apa zikuoneka ngati nkhani yatha: kubweza msanga n'kwabwino. Koma tidzifunse kuti K20,000 ija ichokera kuti. M'banja lopeza bwino imachokera pa zosangalatsa, ndipo palibe amene amamva kuwawa. M'banja lopeza mwapakatikati imachokera m'poto. Imachokera pa dzira la mwana, pa usipa umene ukanagulidwa kawiri pasabata, pa nsapato za sukulu, pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi amene mayi amayamba kumwa modumphitsa masiku. Tinene zoona: bajeti ikafinyidwa, kawirikawiri woyamba kudzimana ndi mayi, ndipo amadzimana mwakachetechete. Amagawira onse ndiwo, iye n'kunena kuti wadya kale kukhitchini.

Ana nawonso amalipira ngongole imene sanasainire. Zaka 9 n'zochepa pa pepala la banki, koma mwana amene lero ali ndi zaka 6 adzakhala ndi zaka 15. A zaumoyo amatiphunzitsa kuti masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana, kuyambira pamene mayi watenga pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndi amene amaumba thupi ndi ubongo wake, ndipo kupinimbira kumene kwachitika nthawi imeneyo n'kovuta kukonza pambuyo pake. Ngongole ikhoza kudikira chaka chimodzi, n'kungowonjezera chiwongoladzanja. Kukula kwa mwana sikudikira. Ife tikuona kuti si chilungamo kupulumutsa K13 miliyoni pomana mwana chimene sitidzatha kumubwezera ngakhale ndi ndalama zonsezo. Tinamanga nyumbayo kuti anthu akhalemo bwino, ndipo ngati anthuwo akufooka chifukwa cha nyumba, tasokoneza cholinga chathu.

Palinso achibale. Kuno kwathu malipiro a munthu mmodzi amadyetsa makomo angapo. Agogo kumudzi akudikira feteleza, mwana wa malemu achemwali akufuna ndalama ya mayeso, maliro sapangana tsiku. Banja limene laika mtima wonse pa ngongole likhoza kufika poumitsa mtima, n'kumayankha aliyense kuti tili ndi ngongole ya nyumba, mpaka mawuwo asanduka loko wa pachitseko. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo tsiku lina ifenso tidzagogoda pakhomo pa ena. Komabe sitikunena kuti banja lizipereka chilichonse chimene lapemphedwa mpaka kulephera kulipira banki. Kulephera kulipira kumabweretsa chindapusa, ndipo nyumba ikagulitsidwa, achibale omwewo adzasowa pofikira. Chanzeru n'kupatula gawo lodziwika la achibale ndi la chopereka mwezi usanayambe, kuti tikamakana tizikana ndi mtima woyera, tikudziwa kuti gawo lawo tapereka.

Chinthu china chimene timaiwala n'chakuti ndalama imene yalowa ku ngongole sibwereranso m'manja. Sungapite ku banki usiku mwana atakomoka n'kukapempha kuti akubwezere zimene unawonjezera mwezi watha. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre ndi m'maboma ena a kum'mwera, ndipo mabanja anafunika ndalama tsiku lomwelo. Banja limene lilibe kanthu kapadera likakumana ndi zotere limathamangira kwa akatapila, amene chiwongoladzanja chawo amachiwerenga pamwezi, osati pachaka. Kuthawa 25 peresenti pachaka n'kukagwera m'manja mwa katapila n'kutaya kawiri. Pa chifukwa chomwechi, ngati tili ndi ngongole ina yodula kuposa ya nyumba, kaya ya katapila, kaya ya banki m'khonde imene tachedwa nayo, imeneyo ndiyo iyambe kutha.

Nanga tichite bwanji? Maganizo athu ndi awa. Kubweza msanga n'kwabwino, koma kukhale ndi malo ake pamzere. Patsogolo pakhale chakudya chokwanira, mankhwala, sukulu ya ana, ndi malipiro a mwezi ndi mwezi a ngongoleyo. Kenako pakhale ndalama yapadera ya mwadzidzidzi, ngakhale yokwana miyezi iwiri kapena itatu ya zofunika pakhomo, yosungidwa pamalo poti sitingaitole mwachisawawa. Kenako gawo la achibale. Chimene chatsala pamenepo, ndicho chipite ku banki. Ngati chatsala ndi K5,000, ipite K5,000, pakuti nayonso imadula ngongole yeniyeni. Mabanja ena amaona kuti n'kosavuta kuwonjezera kamodzi pachaka, akagulitsa soya kapena mtedza, kapena pamene gulu la banki m'khonde lagawana ndalama. Kutero sikukhudza poto wa tsiku ndi tsiku.

Zonsezi zigwirizanidwe poyera pakati pa bambo ndi mayi. Mutu umodzi susenza denga. Si bwino kuti bambo aganize yekha zowonjezera ku banki kenako n'kuchepetsa ndalama ya ndiwo osanena chifukwa. Si bwinonso kuti mayi azidzimana mobisa n'kumasunga chakukhosi. Kudzimana kumene munthu wasankha yekha, akudziwa cholinga chake ndi tsiku limene kudzathe, kumamanga banja. Kumene wangokakamizidwa kumabala madandaulo amene amatsala ngakhale ngongole itatha. Ana okulirapo nawonso auzidwe chifukwa chimene Khirisimasi ya chaka chino ilibe zovala zatsopano. Ndipo ngati mayi akuthandiza kulipira, kaya ndi malipiro ake, kaya ndi geni ya mandasi, kaya ndi ntchito yosamalira pakhomo, n'koyenera kukambirana kuti dzina lake lilembedwe pa mapepala a nyumbayo pamodzi ndi la bambo.

Tisanapereke ndalama yowonjezera, tipite ku banki tikafunse zinthu zitatu. Choyamba, kodi ndalama yowonjezera idula ngongole yeniyeni, kapena ingosungidwa ngati malipiro a mwezi wamawa? Chachiwiri, kodi pali chindapusa kwa munthu wobweza nthawi isanakwane? Chachitatu, kodi ngongoleyi ili ndi inshuwalansi imene imalipira zotsala wobwereka akamwalira, ndipo ikuphimba ndani? Mayankho atipatse polemba. Malisiti onse tisunge pamalo amene mayi ndi bambo onse akuwadziwa. Tsiku limene ngongole yatha, tisangosangalala n'kubwerera kunyumba. Titenge kalata yotsimikiza kuti tamaliza, titenge mapepala a nyumba, ndipo tionetsetse kuti chikole chachotsedwa m'kaundula wa ku ofesi ya za malo.

Pomaliza, mawu kwa amayi amene awerenga zonsezi n'kuona kuti kwawo sikutsala ngakhale tambala. Musadzione ngati olephera. Kulipira mwezi ndi mwezi osadumpha, ana akudya ndi kupita kusukulu, ndi ntchito yaikulu kale. Kuthamanga sikufika. Amene mwamaliza ngongole yanu, musayang'ane anzanu ndi diso lonyoza, pakuti simudziwa makomo angati akudya pa malipiro awo. M'malo mwake khalani nawo pansi, muwaonetse mmene munachitira. Pamsonkhano wotsatira wa gulu lathu, mayi aliyense amene ali ndi ngongole ya nyumba abwere atadziwa zinthu ziwiri: ndalama imene yatsala, ndi gawo la malipiro ake limene likupita ku chiwongoladzanja. Amene sadziwa kuwerenga pepala la ku banki asachite manyazi. Pakati pathu pali aphunzitsi ndi osunga chuma amene angathandize.